Sabata Limene Tiringo Anadikira Yankho

Lachisanu limenelo Tiringo anadzuka mtima uli wopepuka, ndipo kupepukako n'kumene kunamuopsa. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Asanaponde pansi ananong'ona kapemphero ka m'mawa, kothokoza Mulungu pomubwezera mzimu wake pambuyo pa tulo. Anasamba m'manja, napisa dzanja kuseri kwa thumba la ufa, natulutsa kabotolo koyera. Anameza mbulu umodzi wa mankhwala ndi madzi ozizira, n'kubwezera kabotoloko pamalo pake.

Panali nthawi imene kapemphero kameneka kankamukanika. Amayi ake ndi azing'ono ake atakwera ndege ya ku Yerusalemu pamodzi ndi Ayuda anzawo, iye anatsala mumzinda wa Gondar. Oyang'anira ulendowo anati anali wamkulu kale, komanso wa bambo wina, choncho adikire. Anawaperekeza osagwetsa msozi. Atabwerera kunyumba kwa azakhali ake anagona nayang'ana kukhoma, ndipo dzinja lonse linatha ali chiyang'anire khomalo. Kudya ayi, kusamba ayi, kuyankha munthu ayi. Kukacha ankadandaula kuti kwachanso. Ungathokoze bwanji pobwezeredwa chinthu chimene sukuchifuna? Azakhali Felegush ndiwo anamufunditsa nsalu kumutu, namukweza pa bajaji, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, anthu asanadzuke, ulendo wa kuchipatala. Anansi anauzidwa kuti mtsikanayo wadwala taifodi.

Zimenezo zinali zitapita. Tsopano panali Adane, mnyamata wotsogolera mapemphero kusunagoge, wamtali, woseka ndi maso. Akulu anali atawerenga kale makolo a mbali zonse mpaka mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo magazi sanakumane paliponse. Adane anali atamuuza kuti Sabata likangotuluka atumiza akuluakulu kudzafunsira mbeta.

Azakhali anali panja, akukanda ufa wa mkate wa Sabata.

"Azakhali, ine ndikufuna ndimuuze."

"Umuuze chiyani?"

"Mukudziwa."

"Ine sindikudziwa kanthu. Ndikudziwa taifodi." Anamenya mtanda wa ufawo ngati wawalakwira. "Tandipatsa mchere uko."

"Sindingalowe m'nyumba mwa munthu ndi bodza kumsana."

"Bodza lake liti? Wakufunsa? Mwamuna ndi mlendo, mwana wa mchimwene wanga iwe. Mlendo umamuonetsa pabalaza, sumutengera kosungira makasu. Akadzazolowera nyumba adzaona yekha."

"Nanga akadzapeza kabotolo kaja?"

"Udzati ndi ka mutu. Udzakhala utanama? Si ka mutu kodi?"

Tiringo anafuna kuseka koma kuseka sikunabwere. Azakhali anasiya ufa, namuyang'ana, mawu awo atatsika.

"Ine ndinakuona uli kukhoma kuja. Ndinakusambitsa ngati khanda. Lero wadzuka, wapeza munthu, ndiye ukufuna udzitchere wekha msampha? Anthu athu ukuwadziwa. Chifuwa amachimvera chisoni, mwendo wothyoka amaumvera chisoni. Koma ukangoti mutu, basi, ngakhale mwana wawo sakupatsa kuti umunyamule. Tseka pakamwa. Pita ukagule makandulo."

* * *

Pagolosale panali anthu ambiri monga mwa Lachisanu. Tiringo atangolandira makandulo ake anamva dzanja likumusisita paphewa.

"Mkwatibwi! Mwayamba kutinyadira tisanadye n'komwe za ukwati?"

Anali Wubalem. Anakulira limodzi, anaphunzira Chihebri pabenchi imodzi, ndipo aliyense pamalopo ankadziwa kuti Wubalem anakhala zaka akusesa pakhomo pa mayi Asnakech, amayi a Adane, kuwakazingira khofi, kuwachapira, osalipidwa kanthu koma chiyembekezo.

"Ndilibe chonyadira, mnzanga. Uli bwanji?"

"Ine ndili bwino. Iwe ndiye ndikufunse." Wubalem anapendeketsa mutu. "Wachira?"

"Ndinadwala liti?"

"Aa, ndiye maso anga ayamba kundinamiza. Lolemba lapitali ndinaperekeza agogo kukapimitsa maso. Ndikudutsa kuseri kuja, kukhomo lija la utoto wobiriwira, lija amakhalako anthu oyankhula okha aja, ndinaona mtsikana atakhala pabenchi. Nsalu yake ngati yakoyi. Ngakhale nsapato."

Tiringo anafinya makandulo mpaka imodzi inathyoka m'pepala.

"Nsalu zimafanana."

"Ndi zimene ndinawauza amayi Asnakech."

"Unawauza?"

"Anandifunsa okha kuti ndaona ndani kuchipatala. Ndikananama? Iwe ukudziwa kuti kunamiza munthu wamkulu ndi tchimo."

"Nanga kunyamula dzina la mnzako n'kukalitaya m'nyumba za eni si tchimo? Si iwe unkayankha bwino m'kalasi kuti lilime loipa limapha anthu atatu, wonena, womva ndi wonenedwa?"

Nkhope ya Wubalem inasintha, kumwetulira konse kunathawa.

"Usandiphunzitse Malamulo, Tiringo. Ine mnyamata uja ndinamudziwa iwe usanamuyang'ane n'komwe. Bambo ake atamwalira ndani anakhala m'nyumba muja masiku onse a maliro? Iwe unali kuti? Unali ndi taifodi." Anakoka nsalu yake paphewa. "Ngati ulibe chobisa, ukunjenjemera chiyani? Sabata la mtendere."

* * *

Uthenga wa Adane unafika dzuwa litapendeka, Tiringo atangomaliza kusamba.

"Tiringo, amayi akunena zachilendo kuno. Akuti umapita kuchipatala cha anthu odwala mutu. Ndawauza kuti ndi bodza la anthu ansanje. Ndiuze kuti ndi bodza."

Anakhala pabedi foni ili m'manja. Analemba kuti, "Ndi bodza," nayang'ana mawuwo, nawafufuta. Analemba nkhani yonse kuyambira tsiku la ndege lija, mpaka zala zinatopa, koma ataiwerenga inaoneka ngati yolembedwa ndi wamisala weniweni. Anaifufutanso.

"Iwe Tiringo!" anaitana azakhali. "Dzuwa silidikira mkwatibwi. Bwera tiyatse makandulo, Sabata likulowa."

"Ndikubwera!"

Analemba mofulumira: "Si bodza. Koma sanakuuze zonse. Ndimafuna ndikuuze ndekha. Usandiweruze usanandimve." Anatseka maso natumiza.

Uthengawo unachoka koma sunafike. Adane ankazimitsa foni msanga Lachisanu kuti akakonzeke kutsogolera mapemphero. Tiringo anaimba, foni inali yozima. Anaimbanso. Kunja phokoso la m'misewu ya Ayuda linali litayamba kuzirala, amayi akuitana ana awo kuti alowe.

"Tiringo!"

Anazimitsa foni naiika m'bokosi la zovala. Kuyambira pamenepo mpaka mawa lake nyenyezi zitatuluka linali Sabata, panalibenso kuyimba foni kapena kulemba. Adane adzagona akudziwa kuti anafunsa ndipo sanayankhidwe.

Anayatsa makandulo, ina yaifupi chifukwa chothyoka, naphimba maso ndi manja. Nthawi zonse mphindi imeneyi ndi imene ankaikonda kuposa zonse, pamene dziko limaima ndipo palibe amene angakufunse kanthu. Ankapempherera amayi ake, azing'ono ake mmodzimmodzi. Tsiku limeneli mayina onse anamuthawa. Chimene chinatuluka n'chimodzi: musandibwezere kukhoma kuja.

* * *

M'mawa wa Sabata sunagoge anadzaza, mbali ya amayi ili mbuu ndi nsalu zoyera. Tiringo anakhala pamalo pake pa nthawi zonse. Mayi amene ankakhala naye pafupi anamupatsa moni wabwinobwino, kenako anakumbukira kuti mphepo ikumulowa kukhutu, nasamukira benchi lina. Kamwana kena kanabwera chokwawa kudzagwira mwendo wa Tiringo, ndipo amake anakanyamula msanga ngati kayandikira moto.

Kuseri kwa chinsalu chotchinga, kumbali ya abambo, mawu a Adane anakwera mpaka kumalata. Tiringo ankawadziwa mawu amenewo ngati njira ya kwawo. Lero anali olemera, othamanga, ndipo potulutsa mpukutu wa Tora, buku la Chilamulo, anaphonya mzere, mpaka mkulu wina anamukonza mokweza. Adane sankaphonya.

Atatuluka, Tiringo anayesa kuzemba ndi khamu, koma pachipata anakumana maso ndi maso ndi mayi Asnakech. Wubalem anali pambuyo pawo, atawanyamulira buku.

"Sabata la mtendere, amayi." Tiringo anawerama.

"Mtendere, mwana wanga. Bwera kuno pambali." Anamugwira dzanja mofatsa, ndipo kufatsako kunamuwawa kuposa mbama. "Ine sindidana nawe. Ndiwe mwana waulemu, manja ako ndi a ntchito. Koma ndikufunse, kwanu kuchimuna kunali wina wogwidwa ndi mizimu?"

"Si mizimu, amayi. Ndi matenda. A dokotala anati..."

"A dokotala." Anapukusa mutu. "Ine ndinali ndi mkulu wanga kumudzi. Anali wokongola kuposa iwe. Zinamuyamba chonchi, kukhala chete, kukana kudya. Anakwatiwa, anabereka, kenako tsiku lina tinamupeza kumtsinje mwana atamuiwala pamwala. Zaka zake zomaliza anazitha ali ndi chingwe kumwendo. Ndinkamudyetsa ndine. Ndiye usandiuze za dokotala, ine ndinaona ndi maso."

"Pepani, amayi. Koma ine..."

"Mwamuna wanga anafa akudikira ulendo wa ku Yerusalemu. Chimene anandisiyira ndi Adane yekha. Ndimupereke kuti azikadyetsa munthu ndi supuni?" Maso awo anali atalengeza misozi, ndipo sanali a chiphamaso. "Akuluakulu aja ndawauza kuti ayambe aima."

Chapatali Adane anali ataima pakati pa amuna, akupinda nsalu yake yopempherera. Anatukula mutu, maso awo anakumana. Anayamba kubwera, koma amalume ake anamugwira pachigongono namutembenuza. Sanalimbane nawo.

* * *

Atafika kunyumba Tiringo sanavule n'komwe nsalu. Anagona pabedi. Sanachite kuganiza kuti atembenukire kukhoma, thupi linatembenuka lokha. Mng'alu uja unali pomwepo, wotsika kuchokera kudenga n'kupatuka pawiri. Ankaudziwa bwino kuposa nkhope ya mng'ono wake wotsiriza.

Kulemera kuja kunabwera monga kumabwerera, osati ngati chisoni, koma ngati munthu wakuunjikira mabulangete onyowa. Mawu aja a mumtima anayambanso. Amayi ako enieni anakwera ndege, ndiye mwana wa eni angatsalire iwe?

Azakhali analowa ndi mkate ndi ndiwo zozizira zadzulo. Ataona mmene wagonera, anaika mbale pansi msanga.

"Ayi. Ayi, Tiringo. Kumeneko ayi."

Anamugwira paphewa. "Wamwa mbulu wa m'mawa?"

"Ndamwa."

"Ndiye dzuka. Namwino wa kuchipatala uja anati chiyani? Anati zikabwera usagone nazo wekha. Dzuka ukalire panja, pali dzuwa."

"Pa Sabata salira."

"Ndani ananena? Amene analenga misozi sadziwa kuti imatuluka tsiku lililonse? Sabata anatipatsa kuti tipume, osati kuti tizinamizira. Dzuka, ndisanakukoke miyendo anansi n'kuona zamkati."

Anamukokadi. Anakhala awiri pakhonde, misana itatsamira khoma lofunda ndi dzuwa. Azakhali ananyema mkate namuika chidutswa m'manja. Tiringo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analuma. Misozi inabwera ali mkati motafuna, ndipo azakhali sanamutonthoze, anangomusiya alire, iwo akuthamangitsa ntchentche pambale.

"Akabwera," anatero Tiringo pambuyo pake, "ndimuuza zonse. Musandiletse."

Azakhali anapuma mozama. "Madzi atayika kale. Muuze."

* * *

Nyenyezi zitatu zitaoneka, azakhali anadalitsa chikho, ananunkhiza zonunkhira, nazimitsa kandulo kutsanzikana ndi Sabata. Utsi usanathe n'komwe kunamveka kugogoda pachitseko cha mpanda.

Adane anali wefuwefu, foni ili m'manja. Anapereka moni kwa azakhali, ndipo iwo anayankha mouma nalowa m'nyumba, koma chitseko anachisiya chotsekula.

"Ndauona uthenga wako pompano," anatero. "Sabata lonseli ndimaganiza kuti wandinyalanyaza."

"Ndinayankha. Unali utazimitsa."

"Ndiye n'zoona."

"N'zoona. Khala pansi, Adane. Ukandidula mawu sinditha kumaliza."

Anakhala pachitsa cha bulugamu. Tiringo anaimirira, manja atawabisa m'nsalu, nayamba. Anamuuza za ndege, za khoma, za miyezi imene sankatha kupemphera, za tsiku limene anapempha Mulungu kuti mzimu wake ausunge konko asaubweze. Anamuuza za benchi la kukhomo lobiriwira, za namwino amene amacheza naye mwezi ndi mwezi, za kabotolo kuseri kwa thumba la ufa. Sanakometse kanthu.

Atamaliza, Adane anali atazolika. Atatukula mutu, m'maso mwake munali monyowa.

"Nthawi yonse ija ine ndinkangoti taifodi yake ndi yotani yosatha. Ndinkadutsa pamsewu apa. Ndikanadziwa ndikanagogoda."

"Sindikanatsekula."

"Ndikanagogodabe." Anayesa kumwetulira. "Bambo atamwalira, ine ndinkaima kutsogolo kuja kuyimba, anthu n'kumati mwana uyu ndi wolimba. M'kati munalibe kanthu. Ndinkangotsekula pakamwa. Ndiye usaganize kuti ukundiuza za dziko lachilendo."

"Sukundiopa?"

"Ndikukuopa kuyambira tsiku limene unandikonza katchulidwe pamaso pa ana a kalasi. Koma osati chifukwa cha izi." Anaimirira. "Sindikusiya, Tiringo. Amve amene akumva."

M'nyumba munamveka azakhali akutsokomola. Tiringo anamva mabulangete onyowa aja akuchoka limodzilimodzi. Anaseka, misozi ili m'masaya.

"Nanga amayi?"

"Amayi ndathana nawo. Ndakhala nawo masana onse. Poyamba sankafuna kumva, koma afewa. Akuti akuluakulu abwera."

"Afewa? Wawauza chiyani?"

Adane anayang'ana kumbali, nakanda kumbuyo kwa khutu.

"Ndawauza kuti ngati unadwala, zinali zakale, chisoni cha amayi ako basi. Kuti unachira. Kuti Lolemba lija unapita kukatsanzika, ndipo mankhwala unasiya kalekale."

"Adane!"

"Ndimatani? Ankalira, akutchula za mkulu wawo uja. Amalume ali pomwepo. Ndinaona kuti ukundipulumuka."

"Koma sunali utandimva n'komwe! Unadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe. Ndinangonena." Mawu ake anatsika. "Sanakhulupirire. Ndiye anati ndilumbire. Ndalumbira, Tiringo. Pa dzina la malemu bambo, amalume akumva."

Tiringo anagwira mtengo wa mpanda. Munthu wotsogolera mapemphero, kulumbira zabodza pa dzina la bambo ake, tsiku la Sabata. Zikadziwika sadzaimanso kutsogolo kuja, ndipo amayi ake sadzamuyang'ananso kumaso.

"Wachita chiyani, iwe?"

"Ndachita chifukwa cha iwe. Tamvera. Sizovuta." Anamuyandikira, akuyankhula mofulumira ngati mwana amene wapeza nzeru. "Iwe uli bwino tsopano, aliyense akuona. Ukasiya kuyambira mawa, ndiye kuti sindinaname kwenikweni. Ndangotsogoza mawu. Tizipemphera limodzi, ndizikhala nawe. Kodi Mulungu amene anakudzutsa angalephere popanda kabotolo?"

"Mulungu anandidzutsa ndi kabotolo komweko. Anatuma azakhali, anatuma namwino. Ukufuna ndimubwezere mphatso yake kuti lumbiro lako liyere?"

"Sindikutero."

"Namwino anandiuza kuti ndikasiya ndekha ndibwerera komwe ndinali. Mwina kupitirira. Lero lomwe lino masana ndinali nditayamba kubwerera. Sunandione, Adane. Ukanandiona sukananena zimenezi."

"Ndiye ungowauza kuti unasiya, n'kumamwa mobisa."

"M'nyumba imodzi ndi amayi ako? Wubalem akusesa kuseri kwa thumba lililonse?" Anapukusa mutu. "Ndabisa zaka zonsezi, ndatopa. Lero ndimati ndatula."

Adane anatsekula pakamwa, koma foni inalira m'dzanja lake. Anayang'ana, nkhope yake inagwa.

"Ndi amayi. Anati ndikafika kuno ndiwaimbire. Akufuna amve kwa iwe mwini."

"Amve chiyani?"

Adane anadina foniyo naitambasulira kwa iye, maso akupempha. Azakhali anali atatuluka, ataima pakhomo dzanja lili pakamwa.

Tiringo analandira foniyo naiika kukhutu.

"Ndiwe, mwana wanga?" Mawu a mayi Asnakech anali ofewa, otopa ndi kulira. "Adane wandiuza zonse. Ngati ndinakulakwira m'mawa uja, undikhululukire. Amalume ake ali pano, akumva. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha kuti mtima wanga ukhale pansi. Iye walumbira pa bambo ake. Nawe lumbira pa moyo wa amayi ako kuti mankhwala unasiya."